Zonse zili bwino koma moyo wangoti zii, ndiyambire buku liti la Jung?

Uthenga walero wachokera kwa bambo ena a ku Blantyre, apempha kuti dzina ndisatchule. Ndaufupikitsa pang'ono:

"Ndili ndi zaka 41, ndimagwira ntchito ya akawunti, pabanja tili bwinobwino ndi ana atatu, nyumba yathu yangotsala kufolera. Kutchalitchi ndine mkulu wa mpingo. Koma chaka chino chonse moyo wangoti zii, ndikadzuka mmawa ndimadzifunsa kuti zonsezi ndikuvutikira chani. Ndimalotanso kawirikawiri ndili mnyumba ya malemu agogo kumudzi koma muli zipinda zina zoti sindinazionepo, ndikati nditsegule chitseko ndimadzidzimuka. Pa YouTube ndi TikTok ndakhala ndikuonera za Carl Jung, ma archetype ndi shadow work ndipo zikundikhudza kwambiri. Ndiyambire buku liti? Madam akuti zimenezi ndi zausatana. Komanso mundiuze zoona, mutuwu ukuyenda bwino?"

Achimwene, zikomo polemba, ndipo ndiyambe ndi funso lomalizalo chifukwa ndikudziwa kuti ndi limene likukusowetsani tulo. Pa zomwe mwalembazi palibe chosonyeza kuti mutu wasokonekera. Munthu woti akudzuka kupita kuntchito, akulipira fizi, akuona yekha kuti chinachake mkatimu chasintha mpaka kukhala pansi nkulemba uthenga womveka chonchi, ameneyo maganizo ake ali mmalo. Pa zaka zomwe ndakhala ndikupereka uphungu anthu obwera ndi nkhani ngati yanuyi ndi ambiri, ndipo amabwera mwamanyazi, ati munthu wa ntchito ndi nyumba angadandaule chani pomwe anzake akusowa ndi ya matemba yomwe. Manyazi amenewo ndi omwe amapangitsa anthu kukhala nazo zaka osauza munthu. Pali zizindikiro zina zoti zikakhalapo nkhani imasintha, pamafunika chipatala osati buku, ndizitchula kumapeto ndipo chonde musazilumphe.

Jung amene mukumuonerayo anakumana ndi anthu ngati inu ambirimbiri. Anali dokotala wa matenda a maganizo wa ku Switzerland, anabadwa mu 1875 nkumwalira mu 1961, ndipo mu buku la Modern Man in Search of a Soul la 1933 analemba kuti pafupifupi mmodzi mwa odwala ake atatu aliwonse analibe matenda oti dokotala angawatchule dzina, chomwe chinkawadya ndi kusowa tanthauzo ndi cholinga pa moyo. Iye ankati moyo uli ndi mmawa ndi madzulo ake. Mmawa munthu amalimbana ndi sukulu, ntchito, banja, dzina, ndipo nzoyenera kutero, koma vuto limabwera dzuwa likapendeka munthu akufunabe kuyendera malamulo a mmawa aja. Inuyo zomwe munkathamangira muli ndi zaka 25 mwazipeza, nde funso loti ndipeze chani latha mphamvu, labwera lina loti ndikachotsa zonsezi ine ndine ndani.

Mabuku mukufunsawa ali mgulu lomwe amalitcha depth psychology, ndipo mutu wake ndi umodzi, kuti zambiri zomwe zimayendetsa munthu zimachitika mwini wake osadziwa. Anatsogolera ndi Sigmund Freud wa ku Vienna. Jung naye sanangozipeka ali pampando ayi. Ali dokotala wachinyamata pa chipatala cha Burghölzli ku Zürich ankatenga mndandanda wa mawu 100 nkumamuwerengera munthu limodzilimodzi kuti ayankhe liwu lililonse lomwe labwera mmutu, iye ali ndi wotchi mmanja kuyeza nthawi. Mawu ambiri munthu ankayankha msanga, koma pena pake ankachedwa, kuseka popanda choseketsa, kubwereza liwulo, kapena kuiwala zomwe anayankha akamufunsanso kachiwiri. Pamenepo Jung ankadziwa kuti wakhudza pa bala lomwe mwini wake sakulidziwa, ndipo mabala amenewa anawatcha ma complex. Iye ndi Freud anakumana mu 1907 nkugwirizana kwambiri koma pofika 1913 ubale unatha, china mwa zifukwa nchoti Freud ankakokera pafupifupi zonse ku chilakolako cha kugonana ndi za ku ubwana, pomwe Jung ankati mwa munthu mulinso njala ya zauzimu, komanso maloto samangoloza kumbuyo, amalozanso komwe munthu akufunika kukulira.

Za ma archetype pa intaneti azisokoneza kwambiri nde ndichedwepo. Jung anaona kuti mmaloto a odwala ake komanso mu nthano ndi zipembedzo za mitundu yotalikirana mumabwerabwera anthu ofanana: mayi wolera amene penanso amameza, nkhalamba yanzeru yopezeka panjira, ngwazi yopita kutali nkubwera ndi chopulumutsa mudzi, kathyali wochenjera. Kathyaliyo ife timamudziwa bwino, ndi Kalulu, ku Ghana ndi kangaude Anansi, kwa eni nthaka ena a ku North America ndi Coyote. Jung anati izi sizangozi, munthu amabadwa ndi kuthekera kopanga zithunzi zimenezi, ndipo gawo la maganizo lomwe tonse timagawana analitcha collective unconscious. Poti mukumanga mundimva msanga, archetype ili ngati chikombole cha njerwa. Chikombolecho mkati mulibe kanthu, dothi ndi la pamalopo, nchifukwa chake njerwa ya ku Chileka ndi ya ku Mzimba zimatha kusiyana mtundu koma mpangidwe uli umodzi. Nde munthu akakuuzani kuti inu archetype yanu ndi mfumu kapena wankhondo, lipirani mwakuti ndikuuzeni zambiri, dziwani kuti wachoka kale pa zomwe Jung ankanena. Timafunso tija ta ma archetype 12 tinachokera ku mabuku a Carol Pearson, lina analemba ndi Margaret Mark mu 2001 lothandiza makampani kutsatsa malonda. Mayeso a MBTI, aja ogawa anthu mmagulu potengera khalidwe lawo, nawo anapanga ndi Katharine Briggs ndi mwana wake Isabel Myers potengera buku la Jung la 1921, osati mwini wakeyo.

Kwa inu, mwa zonse zomwe Jung analemba ndikufuna muyambe mwagwira ziwiri basi, persona ndi shadow. Persona ndi nkhope yomwe timavala pagulu: a akawuntanti, akulu a mpingo, bambo a mnyumba, amalume odalirika oti maliro akagwa kumudzi foni yoyamba imalira kwa iwo. Siyoipa, popanda iyo palibe ntchito ingayende. Koma ukaivala zaka 20 osavula olo kuchipinda umafika poiwala kuti kumbuyo kwake kuli munthu, ndipo kuzizira mukukunenaku nthawi zambiri kumayambira pamenepo. Shadow ndi zonse zomwe munaziponya kumbuyo kuti nkhope ija ikwane bwino, mkwiyo, nsanje, mantha, komanso zabwino zomwe munaona kuti sizingakudyetseni. Ndinkaonana ndi bambo wina, woyamba kubadwa kwawo, amene tikangokhala pansi nkhani inali ya mng'ono wake woimba gitala mmabala, ati ndi chitsiru, wochititsa manyazi banja. Mkwiyo wake unkaposa mlandu wa mnyamatayo, mpaka mitsempha ya pakhosi kuonekera. Tsiku lina ndinangomufunsa kuti inuyo muli fomu 2 munkakonda chani. Anakhala chete nthawi yaitali akutembenuza makiyi a galimoto mmanja, kenako anati ankajambula, aphunzitsi ankachita kumutuma kujambula mapu ndi ziwalo za thupi pa bolodi, koma bambo ake atamwalira anasiya chifukwa kumbuyo kwake kunali ana oti awaphunzitse. Mng'ono wakeyo ankachita poyera chomwe iye anachikwirira. Ntchito sanasiye, katswiri wojambula sanakhale, anangogula mapensulo ndi kope nkumajambula Loweruka masana, ndipo anayambanso kuyankha foni ya mng'ono wake uja. Shadow work yeniyeni imaoneka chonchi, yapang'onopang'ono komanso yochititsa manyazi poyamba, ndipo si chilolezo chochita zoipa ati poti ndi mmene ndilili.

Tsopano mabuku. Loyamba kukupatsani si la Jung nkomwe. Yambani ndi Man's Search for Meaning la Viktor Frankl, nayenso dokotala wa maganizo wa ku Vienna, Myuda, amene pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse anatsekeredwa mmisasa ya chipani cha Nazi kuphatikizapo Auschwitz. Makolo ake, mchimwene wake ndi mkazi wake anafera mmisasamo. Bukuli linatuluka mu 1946, ndi lalifupi, Chingerezi chake nchosavuta, mutha kulimaliza pa wikendi imodzi. Frankl amati tanthauzo munthu amalipeza mnjira zitatu, pa ntchito kapena chinthu chomwe akuchita, pa kukonda munthu kapena kulandira chokoma chomwe moyo wamupatsa, komanso pa mmene akuimira pamaso pa mavuto oti sangawasinthe. Chomwe ndimalikondera nchoti limatembenuza funso, mmalo moti inu muzifunsa moyo kuti undipatsa chani, moyo ndi umene ukukufunsani inu ndipo mumayankha ndi zochita zanu za tsikulo. Chenjezo limodzi lokha, ena akaliwerenga amayamba kudziweruza kuti ngati munthu anapirira Auschwitz ine ndikulira chani. Frankl sanatanthauze zimenezo, analemba yekha kuti kuvutika kumadzaza mtima wonse wa munthu kaya nkwakukulu kaya nkwakung'ono, ndipo kuti vuto loti lingachotsedwe lichotsedwe, osalikumbatira.

Lachiwiri likhale The Middle Passage la James Hollis la 1993, masamba ake angopitirira 100 pang'ono ndipo likunena za msinkhu wanu weniweniwu, funso lake lalikulu ndi loti ndine ndani kupatula mbiri yanga ndi maudindo omwe ndasenza. Zitsanzo zake ndi za ku America nde pena muzichita kusefa, iye sakudziwa za munthu woti malipiro ake amadyetsa makomo anayi, komabe pa nkhani ya ukwati ndi makolo amalasa. Mukamaliza awiriwa mpamene mulowe kwa Jung mwini wake kudzera mu Man and His Symbols. Limeneli analikonzera dala anthu wamba, gawo lake analimaliza atatsala pang'ono kumwalira, magawo ena analemba ndi ophunzira ake monga Marie-Louise von Franz, ndipo linatuluka mu 1964. Yesetsani kupeza lokhala ndi zithunzi. Memories, Dreams, Reflections ndi lokoma kuwerenga koma dziwani kuti mbali yaikulu anaisonkhanitsa ndi mlembi wake Aniela Jaffé kuchokera pa zokambirana zawo Jung ali nkhalamba ya zaka zoposa 80, ndipo zina za moyo wake anazisiya kunja, nde muliwerenge ngati munthu wachikulire akufotokoza za mkati mwake, osati ngati mbiri yathunthu. The Hero with a Thousand Faces la Joseph Campbell la 1949 lingadikire, ndi lothandiza kumvetsa nthano koma limakonda kupanikiza nthano zonse kuti zikhale imodzi. Werengani buku limodzi pa mwezi muli ndi cholembera mmanja, ndipo timawu ta pa Facebook tokhala ndi chithunzi cha Jung musamatikhulupirire msanga, tambiri ndi tosinthidwa.

Loti musayambire ndi The Red Book, olo ndi limene likutchuka. Atasiyana ndi Freud, Jung anadutsa mu nyengo yovuta kwambiri, ankaona masomphenya a Europe itamira mmagazi mpaka kuopa kuti akuchita misala, nde anayamba kulowa dala mu zithunzi za mmaganizo mwake, kulankhula nazo ndi kulemba zonse, kenako nkumazikopera mu buku lalikulu lachikopa chofiira limodzi ndi zojambula zake. Anachita zimenezi mpaka cha mma 1930 ndipo sanalisindikize ali moyo, linadzatuluka mu 2009. Ndi lokongola koma ndi lolemera, lodula, ndipo munthu amene ali kale ndi nkhawa likhoza kumusokoneza. Njira yomwe ankagwiritsa ntchitoyo, active imagination, musaiyese nokha ngati inu kapena wina kumtundu kwanu anadwalapo misala, kapena ngati mumasuta chamba. Buku lake la Aion ndi mabuku ake a alchemy, luso lakale lofuna kusandutsa zitsulo wamba kukhala golide, asiyeni kaye, ngakhale ophunzira amalira nawo.

Tibwere ku loto lanu. Mudabwa kumva kuti Jung naye analota nyumba. Munali mu 1909 ali paulendo wa ku America limodzi ndi Freud. Analota ali mchipinda chapamwamba cha nyumba yoti sakuidziwa koma akudziwa kuti ndi yake, atatsika anapeza kuti pansipo mpakalekale, atatsikanso anafika mchipinda cha pansi pa nthaka cha makoma a nthawi ya Aroma, kenako ananyamula mwala wa pansi nkupeza masitepe opita kuphanga komwe kunali mafupa, mapale ndi zigaza ziwiri za anthu. Freud ankafuna kudziwa kuti zigazazo nza ndani amene Jung akumufunira imfa, pomwe Jung anaona kuti nyumbayo ndi chithunzi cha maganizo a munthu, kuti pansi pa zomwe tikudziwa pali zakale kuposa moyo wathu. Loto la zipinda zachilendo mnyumba yodziwika ndalimva kwa anthu ambiri, makamaka a msinkhu wanuwu. Koma sindikumasulirani, ndipo musalole munthu woti sadziwa agogo anu, mudzi wanu ndi mbiri yanu akumasulireni pa WhatsApp. Jung ankakana mabuku aja oti ukalota njoka ndi mdani, ukalota madzi ndi ndalama. Njoka ya mlimi wa ku Nsanje ndi ya mwana wa ku Namiwawa amene anangoiona pa TV si imodzi.

Chochita ndi ichi, ndipo buku la Inner Work la Robert Johnson la 1986 likuyendetsani bwino pamenepa. Ikani kope ndi cholembera pafupi ndi bedi, osati foni chifukwa mukangoitsegula mauthenga akulandani lotolo. Mukadzuka lembani musanalankhule ndi munthu, ngati kuti zikuchitika pompano: ndili pakhonde, kukununkha utsi, chitseko nchathabwa, chili kumanzere. Kenako tengani chinthu chimodzichimodzi nkudzifunsa kuti ineyo chimenechi chimandikumbutsa chani. Agogo amenewa anali munthu wotani, ankakuitanani dzina liti, mnyumba mwawo munali mwana wotani musanakhale munthu wa maudindo? Chomwe chimakudzidzimutsani pachitseko paja ndi mantha kapena chidwi? Johnson amamaliza ndi kuti munthu achitepo kanthu kakang'ono kooneka ndi maso. Kwa inu mwina nkupita kumudzi osati pa maliro kapena kukasiya feteleza, kungokakhala tsiku limodzi, kufunsa azakhali za agogowo, kukaona pamanda. Kwathu kuno kulota malemu si nkhani yaing'ono, ena akuuzani kuti mizimu ikufuna nsembe, ena kuti ndi ziwanda za kumtundu zofunika kuzidula ndi mapemphero. Chikhulupiriro chanu sindikulandani, koma samalani ndi aliyense amene kumasulira kwake kukuthera pa kukuopsezani, kukutchulirani wachibale kuti ndi mfiti, kapena kukuuzani mtengo.

Madam musawaseke, nkhawa yawo ili ndi pogwira. Jung anali mwana wa m'busa, Baibulo ankalidziwa bwino, ndipo analemba kuti mwa odwala ake opitirira zaka 35 panalibe amene vuto lake pansi penipeni silinkakhudza nkhani ya chipembedzo. Mu 1959 atafunsidwa pa BBC ngati amakhulupirira Mulungu anayankha kuti safunika kukhulupirira, amadziwa. Koma si mphunzitsi wa chikhristu, ndipo ndingakunamizeni nditati zonse zomwe analemba zikugwirizana ndi katekisimu wanu. Ali wachinyamata ankakhala nawo pa misonkhano yoitana mizimu kudzera mwa msuweni wake, nkulembapo pepala lake la udokotala mu 1902, ndipo ankachita chidwi kwambiri ndi zolosera za moyo wa munthu poyang'ana nyenyezi. Buku lake la Answer to Job la 1952 limanena za Mulungu zinthu zoti akhristu ambiri sangazilandire, mpaka linasokoneza ubwenzi wake ndi wansembe wachikatolika Victor White. Nde muwerengeni ngati dokotala amene anaona zambiri za mtima wa munthu, osati ngati mneneri. Zoti munthu amaona kachitsotso mdiso la mbale wake osaona mtanda uli mdiso lake, kapena zomwe Paulo akudandaula pa Aroma 7 kuti chabwino chomwe akufuna sachichita, ndi nkhani ya shadow yomweyo ndipo mwakhala mukuilalikira. Ngati mukufuna wolemba amene anayenda ndi ziwirizi, John Sanford anali wansembe wa mpingo wa Episcopal ku America komanso mlangizi wotsata Jung, buku lake la The Kingdom Within la 1970 limafotokoza mawu a Yesu ndipo mutha kuwerengera limodzi ndi madam. Ine ndikuona kuti chomwe chikuwaopsa kwambiri si Jung, ndi kuona amuna awo ali phee pa foni usiku osawauza chomwe chikuwadya. Auzeni zomwe mwandiuza inezi.

Pali zina ziwiri zomwe mavidiyo aja sakuuzani. Choyamba, zambiri za Jung si sayansi yoti inayesedwa nkutsimikizika. Zoti ubongo umachita zambiri ife osadziwa ofufuza amavomereza, koma collective unconscious yobadwa nayo akatswiri ambiri a saikoloje lero saitenga ngati chotsimikizika, nthano zikhoza kufanana chifukwa anthu kulikonse ali ndi mayi, amaopa imfa, komanso nthano zimayenda ndi anthu. Frantz Fanon, dokotala wa maganizo wa ku Martinique, anamutsutsa kale mu 1952 kuti zimenezi munthu amazitengera ku chikhalidwe chomwe wakuliramo, sabadwa nazo. Ine ndimazigwiritsa ntchito chifukwa zimathandiza munthu kupeza mawu ofotokozera zomwe akumva, basi.

Chachiwiri chimandipweteka ndikamachinena koma ndi bwino muchidziwe musanakumane nacho nokha pa tsamba. Jung anabwera ku Africa, mu 1925 anafika ku Kenya ndi Uganda nkukhala masabata angapo pa phiri la Elgon, ndipo zomwe analemba za anthu akuda mmalo ambiri nzonyoza, amatitenga ngati anthu otsalira oti maganizo athu akadali a makedzana. Chinenero cha anthuwo sankachidziwa, ankadalira Chiswahili chochepa, anakhala nawo nthawi yochepa koma analemba ngati wawamvetsa. Otsatira ake ena lero amavomereza poyera kuti apa analakwa, nde mukafika pa masamba amenewo musadzikakamize kugwirizana naye poti ndi Jung. Pa ulendo womwewo sing'anga wina wachikulire anamuuza kuti kale asing'anga ankalota nkudziwa za nkhondo, matenda ndi mvula, koma chibwerere azungu palibe akulotanso chifukwa zonse akudziwa ndi Angerezi. Kwa ine mawu a nkhalamba imeneyo ndi olemera kuposa zambiri zomwe Jung analemba za ulendowo. Amene anachita bwinoko ndi Vera Bührmann wa ku South Africa, dokotala wotsata Jung amene anakhala zaka akuphunzira kwa asing'anga achiXhosa nkulemba Living in Two Worlds mu 1984, iyeyo anapita ngati wophunzira. Ndipo nthano za agogo anu aja, miyambi, zilombo za gule, nyimbo za pamaliro, muli zithunzi zomwezi zambirimbiri, simukufunika kudzera mu nthano za ku Greece kuti mufike kwanu.

Ngozi yomwe ndaiona kwambiri kwa okonda mabuku amenewa ndi kumira mwa iwe wekha. Munthu amayamba kuona archetype paliponse, mkazi wake akadandaula za ndalama ya ndiwo ati ndi complex yake, abwana akamudzudzula ati ndi projection, kutanthauza kuti abwanawo akungoona mwa iye zolakwa za iwo eni, mapeto ake palibenso angamuuze kanthu. Ena amafika podziona ngati osankhidwa, oti atsegula maso pomwe tonsefe tili mtulo, ndipo Jung yemweyo anachenjeza za kudzitupa kumeneku. Ena amasiya ntchito kapena banja atangowerenga za individuation, ati ndikukafuna ine weniweni. Individuation kwa Jung ndi kukula pang'onopang'ono kukhala munthu wathunthu, ndipo ananena momveka kuti sikumuchotsa munthu pakati pa anthu. Mwini wakeyo pa zaka zovuta zija chomwe chinamugwira kuti asatayike ndi banja ndi odwala ake, ankadzikumbutsa kuti ali ndi dipuloma ya udokotala, ali ndi mkazi ndi ana asanu, amakhala pa nyumba yakuti ku Küsnacht. Kali kokha nkanyama. Lamulo lomwe ndimapatsa anthu anga ndi loti pa miyezi 6 yoyamba osapanga chiganizo chachikulu chilichonse, osasiya ntchito, osagulitsa puloti, osatula udindo kumpingo mokwiya, ndipo chenjerani kwambiri mukayamba kumva kuti mayi wina wa kuofesi ndi yekhayo amene amakumvetsani, pa msinkhu uno zimenezo zimabwera ndi mphamvu ndipo kawirikawiri chomwe mukuona mwa iyeyo ndi mbali yanu yomwe munaisiya kalekale.

Tsopano zizindikiro zija. Kusowa tanthauzo ndi dipuleshoni zimafanana ndipo pena zimayendera limodzi, koma dipuleshoni ndi matenda, ili ndi mankhwala ndi uphungu wake. Ngati kwa masabata awiri kapena kuposa mwakhala okhumudwa pafupifupi tsiku lonse, zomwe munkakonda monga mpira, kwaya, kucheza ndi ana, kukhala malo amodzi ndi madam sizikukomaninso, mukudzuka 3 koloko usiku tulo osabweranso, chakudya sichikulowa kapena thupi likutsika, kuntchito manambala akukusokonekerani, mukudziona ngati wachabechabe, pitani mukaonane ndi adokotala sabata ino, mabuku adikira. Chimodzimodzi ngati mwayamba kudalira mowa kuti mugone. Mukapita apempheni akuyezeni shuga, BP, magazi ndi chithokomiro, chifukwa kuchepa kwa magazi ndi vuto la chithokomiro zimabweretsa kufooka ndi kuzizira kwa mtima kofanana ndi komwe mwafotokozaku, ndipo muwauze mankhwala ena aliwonse omwe mukumwa.

Koma ngati zafika poganiza kuti bola kufa, kapena kuti ana angakhale bwino popanda ine, kapena mwayamba kuganizira njira, musadikire mawa ndipo musakhale nokha, uzani madam kapena mbale amene mumamukhulupirira lero lomwe akuperekezeni kuchipatala. Amuna ambiri kwathu kuno tikuwataya chonchi ali chete. Mukayambanso kumva mawu oti ena sakuwamva, kukhala masiku osagona koma mphamvu zili tho, kapena kukhulupirira kuti maloto akukupatsani uthenga wapadera woti mupulumutse dziko, siyani kaye kuwerenga ndi kulemba maloto, pitani msanga. Poti muli ku Blantyre, ku Queens kuli kiliniki ya matenda a maganizo, ku Zomba kuli Zomba Mental Hospital, St John of God ili ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, ndipo mzipatala za maboma mumapezeka anamwino ophunzira za maganizo. Akatswiri ophunzira njira ya Jung yeniyeni mchigawo chathu chino ali ndi bungwe lawo ku Cape Town, koma simukufunika kufika kumeneko kuti muthandizike. Mlangizi wophunzira bwino amene amamvetsera kuposa kulalikira akhoza kuyenda nanu, ndipo pokumana koyamba mufunseni kuti anaphunzira kuti, amagwira ntchito motani, komanso ngati angalole kuti muzibwera ndi kope lanu la maloto.